Dokotala John Kirk: mlendo amene analembetsa tsanya ndi msuku m'mabuku a dziko lonse

FINGOE – Munthu akamatsika kuchokera kumapiri a Fingoe kulowera kumwera, ku madzi a Cahora Bassa, amaona tchire likusintha. Kumtunda kuli miombo ndi misuku. Kumunsi, kumene kumatentha ngati ng'anjo mwezi wa Okutobala, kwadzaza tsanya. Pasukulu, pachipatala ndi pa maofesi a boma pamakhala mizere ya bulugamu, mtengo wobwera. Mwana aliyense wa ku Malowera, ku Chiputo kapena ku Chipera amaidziwa mitengo imeneyi ndi maina ake.

Koma mitengo yomweyi ili ndi maina ena, amene amalembedwa m'mabuku a alangizi a zankhalango ndi pa zikalata za odula matabwa. M'menemo tsanya ndi Colophospermum mopane, ndipo msuku ndi Uapaca kirkiana. Maina awiri onsewa ali ndi chidindo cha munthu mmodzi, Dokotala John Kirk. Munthu ameneyu anayenda pansi m'mphepete mwa Zambezi, kumalire a kumwera kwa boma lino la Maravia, mu 1858 ndi mu 1860, ndipo anatsala pang'ono kusiya moyo wake m'madzi amenewa.

Mwana wa mbusa

A John Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 ku Barry, mudzi wa pafupi ndi tauni ya Arbroath m'dziko la Scotland. Bambo awo anali mbusa wa mpingo. Mnyamatayu anakaphunzira zaudokotala pa yunivesite ya Edinburgh ndipo anamaliza mu 1854.

Masiku amenewo dokotala aliyense ankayenera kudziwa zomera, chifukwa mankhwala ambiri ankachokera ku makungwa, mizu ndi masamba, monga m'mene amachitira asing'anga a kumudzi. Mphunzitsi wawo wa zomera anali Pulofesa John Hutton Balfour, ndipo phunziro limeneli ndi limene linawalowa mumtima.

Atangomaliza sukulu anapita kukathandiza odwala pa nkhondo ya ku Crimea, imene Angerezi, Afalansa ndi anthu a ku Turkey ankamenyana ndi Russia. Anagwira ntchito pa chipatala cha Renkioi ku Turkey mu 1855 ndi 1856. Ntchito ikachepa ankakwera mapiri a kumeneko kukatola zomera. Anayambanso kujambula zithunzi ndi kamera, chipangizo chimene chinali chachilendo nthawi imeneyo.

Ulendo wa pa Zambezi

Mu 1858 boma la Britain linatuma a David Livingstone kuti akafufuze ngati sitima zingathe kuyenda pa Zambezi kuchokera kunyanja yamchere mpaka m'kati mwa Africa. Pankafunika munthu wodziwa zomera, woti akaone thonje, mitengo ya matabwa, luzi ndi utoto zimene zingachititse malonda. A Balfour ndi a William Hooker, mkulu wa munda wa zomera wa Kew ku London, anavomereza dzina la a Kirk. Motero mnyamata wa zaka 25 analembedwa ntchito ziwiri, ya udokotala ndi ya zomera.

Ananyamuka ku Liverpool pa 10 Malichi 1858 ndipo anafika pa mathiriro a Zambezi mwezi wa Meyi. Anali ndi kasitima kotchedwa Ma Robert, kamene kankayendera nkhuni. Kasitimaka kankadya nkhuni mopanda chisoni, kotero kuti nthawi yodula mitengo inkaposa nthawi yoyenda. Pa 8 Seputembala 1858 kanafika ku Tete, kumene mkulu wa asilikali a Chipwitikizi, Tito Sicard, anawapatsa nyumba. Ku Tete komweko kunali Amakololo amene a Livingstone anawasiya mu 1856, akudikira kubwerera kwawo.

Zithunzi zimene a Kirk anajambula pa ulendowu zili m'gulu la zithunzi zoyamba zenizeni za chigwa cha Zambezi.

Miyala ya Kebrabasa

Chiyembekezo chonse cha ulendowu chinali pa malo amodzi, mpata wa miyala umene Angerezi ankaulemba kuti Kebrabasa. Ndi malo omwewo amene lero amatchedwa Cahora Bassa. A Livingstone anali asanauone bwino mpatawu, chifukwa mu 1856 anaulambalala. Iwo ankaganiza kuti ndi timathithi tochepa timene sitima ingathe kudutsa madzi akadzaza.

Mu Novembala 1858 anasiya kasitima kumunsi n'kuyamba kuyenda pansi, tsidya la kumpoto. Aliyense wa kuno amadziwa dzuwa la mwezi umenewu mvula isanagwe. Miyala yakuda inkatentha mwakuti munthu sakanatha kuigwira nthawi yaitali, ndipo mapazi a Amakololo anachita matuza. Atamva kwa anthu a m'deralo kuti kutsogolo kuli mathithi ena oopsa kuposa onse, a Livingstone, a Kirk ndi Amakololo 4 anapitirira okha. Anakwawa pamiyala masiku angapo, ndipo pa 2 Disembala anafika pa mathithi a Morumbua. Apa panaoneka poyera kuti palibe sitima imene ingadutse.

A Kirk anavomereza zimene maso awo anaona. A Livingstone anakana kwa nthawi yaitali. M'mabuku awo a tsiku ndi tsiku, amene anasindikizidwa mu 1965, a Kirk nthawi zina ankadandaula kuti mtsogoleri wawo ankaika miyoyo ya anthu pachiswe chifukwa cha liuma. Komabe sanawathawe. Anzawo ena anachotsedwa ntchito, ena anachoka okha, koma a Kirk anakhala zaka 5.

Njira ya Zambezi itatsekeka, ulendo unakhotera ku mtsinje wa Shire. Mu Epulo 1859 anafika pa nyanja ya Chilwa, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anafika pa nyanja yaikulu imene ku Mozambique imatchedwa Niassa ndipo tsidya linalo amati nyanja ya Malawi.

Dzina ndi mfunda wa mtengo

Ntchito ya a Kirk inali yooneka ngati masewera a ana. Ankathyola kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, n'kukayala pakati pa mapepala, n'kupsinja ndi matabwa mpaka kaume. Pambali ankalemba malo, tsiku, dzina limene eni dera ankautchula mtengowo ndiponso ntchito yake. Ankajambulanso duwa ndi chipatso pamanja. Adani a ntchitoyi anali chinyezi, chuku, chiswe ndi mphemvu.

Chifukwa chiyani munthu wophunzira ankavutika ndi masamba ouma? Yankho lake n'lakuti mtengo umodzi umakhala ndi maina ambiri. Mchewa amautchula mwina, Mnsenga mwina, Mnyungwe mwina, Mpwitikizi mwinanso. Komanso dzina limodzi limatha kuperekedwa kwa mitengo iwiri yosiyana. Pa nkhani ya mankhwala kapena mbewu, kusokoneza kotereku kungathe kupha munthu kapena kuluzitsa mlimi.

Pofuna kuthetsa vutoli, katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anakhazikitsa mu 1753 njira yopatsa chomera chilichonse maina awiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, ndipo limagwirizanitsa mitengo yapachibale. Lachiwiri lili ngati dzina lake la munthu. Chibale cha mitengo sachiona pa msinkhu kapena pa mthunzi. Amachiona makamaka pa duwa, chipatso ndi njere. N'chifukwa chake nthambi yopanda duwa inali yosakwanira, ndipo wotola zomera ankayenera kuupeza mtengo pa nyengo yake.

Nthambi imene katswiri wagwiritsa ntchito polemba dzina latsopano imasungidwa mpaka kalekale ngati mboni. Pakabuka mkangano wa dzina, akatswiri amabwerera ku nthambi yomweyo, monga m'mene anthu amabwerera kwa nkhoswe pa mlandu wa banja.

Bwato ligubuduka

Mu Meyi 1860 a Livingstone, mng'ono wawo Charles ndi a Kirk ananyamuka ku Tete wapansi kuperekeza Amakololo kwawo. Anaoloka mtsinje wa Luia, anadutsa kuseri kwa mapiri a Kebrabasa, n'kutsata Zambezi tsidya la kumpoto, m'dziko limene lero ndi maboma a Maravia ndi Zumbo. Kumapeto kwa Juni anafika ku Zumbo. Mu Ogasiti anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, kenaka anafika ku Sesheke, kumene a Kirk anathandiza kupereka mankhwala kwa mfumu Sekeletu, imene inkadwala nthenda yoopsa ya pakhungu. Njira yonseyi a Kirk ankalemba ndi kujambula mitengo imene inali isanalembedwe m'buku lililonse.

Pobwerera anagula mabwato kuti atsike ndi madzi. Atayandikira Kebrabasa, a Livingstone anafuna kuyesa kulowa mumpatamo ndi mabwatowo. Pa 12 Novembala 1860 madzi otumphuka kuchokera pansi anakankha bwato la a Kirk n'kuliombetsa pathanthwe. A Kirk anagwera m'madzi n'kukangamira mwala ndi manja onse awiri, uku madzi akuwakokera pansi. Wopalasa wawo anagwiritsa mwala n'kupulumutsa bwato. Palibe munthu amene anafa.

Koma katundu anapita. Zolemba za a Kirk, zojambula za maluwa ndi zipatso, zipangizo zoyezera, zonse zinamira. Ntchito ya miyezi yambiri inathera pamenepo m'kanthawi kochepa. Ulendo wotsala anaumaliza wapansi, ndipo analowa mu Tete pa 23 Novembala.

Tsoka lina linagwera mabokosi ena a zomera amene anawatumiza ku Britain pa sitima yankhondo. Mabokosiwo anaiwalika m'nyumba yosungira katundu pa doko la Portsmouth, ndipo anapezeka patapita zaka zoposa 20. A Kirk sanalembe buku lalikulu la zomera za Zambezi. Zimene zinapulumuka anazipereka kwa akatswiri a ku Kew kuti ndiwo azilembe.

Ulembe usanduka mankhwala

M'chigwa cha Shire a Kirk anaona alenje Achimang'anja akupaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. Anatenga njerezo n'kuziika m'thumba momwe ankasungiramo mswachi. Tsiku lina akutsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo monga dokotala anazindikira kuti mtima wawo ukugunda pang'onopang'ono. Anaganiza kuti ulembewu, ukachepetsedwa kwambiri, ungathandize odwala mtima.

Dokotala Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezi zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza mankhwala a mtima ochokera mu kombe. Chomeracho chinalembedwa kuti Strophanthus kombe. Mawu a alenje a ku Shire analowa m'mabuku a madokotala a dziko lonse, ngakhale kuti maina a alenjewo sanalowemo. Kombe ndi poizoni wakupha, ndipo si chinthu choti munthu ayese kunyumba.

Zaka zomaliza za ulendowu zinali za maliro. Mu Julayi 1861 a Kirk anali nawo pamene gulu la akapolo 84 linamasulidwa pamudzi wa Mbame, m'mapiri a ku Mang'anja. Ogwira akapolowo ankachokera mbali ya ku Tete. Bishopu Charles Mackenzie, amene anatsegula mishoni ya Magomero, anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Pa 27 Epulo chaka chomwecho Mayi Mary Livingstone anamwalira ku Chupanga, a Kirk akuwasamalira, ndipo anaikidwa pansi pa mlambe. Kenaka chilala, njala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinasesa chigwa cha Shire. A Kirk anadwala kamwazi, ndipo mu Meyi 1863 analoledwa kubwerera kwawo. Mzere wa mapiri umene uli pamalire a chigawo cha Tete ndi Malawi, cha ku Tsangano, Ntcheu ndi Neno, a Livingstone anautcha Kirk Range.

Tsanya ndi msuku alowa m'mabuku

Nthambi za tsanya zimene a Kirk anatola m'mphepete mwa Zambezi, kumunsi kwa Tete, zinafika m'manja mwa katswiri George Bentham. A Kirk anali atazipatsa dzina lakuti Copaifera mopane, ndipo a Bentham analisindikiza mu 1865. Mawu akuti mopane ndi a Chitswana. Patapita zaka 84, mu 1949, katswiri wa ku Belgium, Jean Léonard, anaona kuti tsanya ndi wosiyana kwambiri ndi mitengo ya mfunda wa Copaifera, choncho anaupatsa mfunda wakewake, Colophospermum. Dzinali limanena za utomoni umene uli pa njere zake. Wina aliyense amene anafikisa njere ya tsanya m'manja amadziwa fungo lake ndi kumata kwake. Mpaka lero dzina la tsanya likalembedwa lonse, pambuyo pake pamabwera maina a Kirk, Bentham ndi Léonard.

Msuku unalembedwa mu 1864 ndi katswiri wa ku Switzerland, Johannes Müller, amene anautcha Uapaca kirkiana polemekeza amene anatola nthambi yake. Mu 1868 Daniel Oliver wa ku Kew anapereka dzina la a Kirk ku mfunda wathunthu, Kirkia. Mtengo wa Kirkia acuminata, umene ena amati mzumba, ena mtumbu, umakonda mapiri a miyala a kumalo otentha, ndipo umaphuka munthu akangozika nthambi yake. Chingwe cha m'tchire chotulutsa utomoni woyera, chimene chimatchedwa mpira, chinalembedwa kuti Landolphia kirkii.

Ku Zanzibar: utomoni ndi bulugamu

Mu 1866 a Kirk anatumizidwa ku chilumba cha Zanzibar ngati dokotala ndi wachiwiri kwa kazembe wa Britain. Chaka chotsatira anakwatira a Helen Cooke. Anakhala kumeneko zaka 20.

Imodzi mwa malonda akuluakulu a pachilumbapo inali utomoni wouma wotchedwa kopalo, wopangira vanishi. Wabwino kwambiri anthu ankachita kukumba pansi m'mbali mwa nyanja, nthawi zina pamalo popanda mtengo ndi umodzi womwe. Amalonda a ku Ulaya ankaugula osadziwa bwino gwero lake. A Kirk anaufufuza, ndipo m'zibulumwa zina za utomoniwo anapezamo masamba ndi maluwa zitatsekeredwa. Ataziyerekeza ndi mtengo wamoyo umene Aswahili amati msandarusi, anaona kuti n'chimodzimodzi. Utomoni wokumbawo unali wotsala wa nkhalango zakale za mtengo womwewo. Lero mtengowu umalembedwa kuti Hymenaea verrucosa. Analimbikitsanso malonda a labala wochokera ku mpira wa m'tchire.

Ku Mbweni, kunja kwa tauni ya Zanzibar, a Kirk anatsegula munda woyeseramo zomera zochokera m'maiko ena. Pakati pa mitengo imene anabzala panali bulugamu.

Nkhani ya bulugamu ikusonyeza bwino phindu la maina awiri aja. Kwawo kwa mtengowu ndi ku Australia ndi zilumba zoyandikana nako. Dzina lakuti bulugamu linachokera ku Chingerezi, pakuti Angerezi ankautcha mtengo wa gamu chifukwa cha utomoni wofiira umene umatuluka pakhungwa. Koma mawu omwewo akuti gamu ankawagwiritsanso ntchito pa kopalo ndi pa utomoni wa mitengo ina yambiri yosagwirizana. Dzina lokhazikika linachokera kwa Mfalansa wina, Charles-Louis L'Héritier, m'buku lake la 1788. Iye anaona nthambi imene David Nelson anatola ku Tasmania mu 1777, pa ulendo wa Kaputeni James Cook. Anautcha Eucalyptus, mawu a Chigiriki onena za chinthu chovindikiridwa bwino, chifukwa duwa lake lisanamasule limakhala ndi kachivindikiro ngati ka mphika. Mwana akatola timbulu ta bulugamu pabwalo la sukulu angathe kukaona kachivindikiroko.

Mitundu ya bulugamu imaposa 700. Ina imafuna mvula yambiri ya kumapiri, ina imapirira kumalo otentha ndi ouma. Mlimi amene wapatsidwa mbande zongoti bulugamu, osadziwa mtundu wake, angathe kutaya thukuta la zaka zingapo. Nawo mfunda wa bulugamu wakhala ukusintha. Mu 1995 akatswiri a ku Australia, Ken Hill ndi Lawrie Johnson, anachotsamo mitundu yambiri n'kuipatsa mfunda watsopano, Corymbia. Pakati pake pali bulugamu wa masamba onunkhira ngati mandimu.

Akatswiri akaunika maluwa ndi zipatso amapeza chibale chimene maso sangachiganizire. Bulugamu ndi wa banja limodzi ndi gwafa. Tsanya ndi wa banja limodzi ndi bwemba, miombo ndi mtengo wa kopalo uja, ndipo onsewa ndi abale a nyemba ndi nandolo. Tsanya ndi bulugamu onse amatulutsa utomoni, koma palibe ubale wapafupi pakati pawo.

Msika wa akapolo utsekedwa

Bulugamu ali ndi m'bale winanso, mtengo wa karafuu umene unalemeretsa Zanzibar. Minda ya karafuu inkalimidwa ndi akapolo, ndipo ambiri mwa iwo ankachokera kumaiko ozungulira nyanja ya Niassa. Ankaolotsedwa pa Nkhotakota ndi madoko ena, n'kuyendetsedwa m'magoli mpaka ku Kilwa. Anali anthu olankhula Chinyanja, Chiyao ndi zilankhulo zina za kuno. A Kirk anali ataona ndi maso awo kumene magoliwo ankayambira.

Kumayambiriro kwa 1873 nthumwi ya Britain, Bartle Frere, inalephera kukopa Sultani Barghash kuti aletse malondawa. A Kirk ankalankhula Chiswahili ndi Chiarabu ndipo Sultani ankawadziwa bwino. Atalandira lamulo kuchokera ku London, anamuuza mosabisa kuti akakana, sitima zankhondo zitseka chilumba chonse. Pa 5 Juni 1873 pangano linasainidwa. Msika waukulu wa akapolo unatsekedwa, ndipo kunyamula akapolo panyanja kunaletsedwa. Pamalo pa msikawo panamangidwa tchalitchi chachikulu cha Anglican. Malondawa anapitirirabe mobisa, ndipo ukapolo weniweni pachilumbapo unathetsedwa ndi lamulo mu 1897, koma khomo lalikulu linali litatsekedwa.

A Kirk sanasowe owaneneza. Mtolankhani Henry Morton Stanley, amene anakumana ndi a Livingstone ku Ujiji mu 1871, anafalitsa zoti a Kirk ananyalanyaza kutumiza katundu kwa mnzawo wakaleyo. Nkhaniyi inawapweteka zaka zambiri. Komabe pa 18 Epulo 1874, pa maliro a Livingstone ku Westminster Abbey, a Kirk anali mmodzi wa onyamula bokosi.

Mbiri yawo ili ndi mbali ina yosakoma. A Kirk anali wantchito wa boma la atsamunda. Zaka zambiri anamulimbikitsa Barghash kudalira Britain. Koma Ajeremani atabwera ndi sitima zankhondo mu 1885, boma la London linalamula a Kirk kuti amuuze Sultani agonje. Mu 1886 Britain ndi Germany anagawana dziko la kumtunda, Sultani n'kutsala ndi zilumba ndi kachigawo kopyapyala ka m'mbali mwa nyanja. Pambuyo pake a Kirk anakhala mmodzi wa akuluakulu a kampani imene inatsegula njira ya utsamunda wa Angerezi ku Kenya ndi Uganda. Munthu amene anathandiza kutseka msika wa akapolo anathandizanso pa kugawana kwa Africa.

Ukalamba ndi imfa

A Kirk anachoka ku Zanzibar mu 1886 ndipo anapuma pa ntchito ya ukazembe mu 1887. Anali atalandira kale ulemu wotchedwa Sir mu 1881. Anaimira Britain pa msonkhano wa ku Brussels wa 1889 ndi 1890 wolimbana ndi malonda a akapolo. Ukalamba wawo anathera ku Sevenoaks, kumwera kwa London, maso akunka nafooka. Anamwalira pa 15 Januwale 1922 ali ndi zaka 89.

Mpata umene unakaniza sitima ya a Livingstone unatsekedwa ndi damu, limene linamangidwa kuyambira 1969 ndi kuyamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Mathithi ambiri amene a Kirk anakwawa m'mbali mwake ali pansi pa nyanja. Nthambi zimene zinapulumuka zikusungidwabe ku Kew, zina zili ndi zolemba za dzanja lawo.

A Kirk sanatulukire tsanya, msuku kapena kombe. Anthu a m'dziko la Undi, m'mphepete mwa Kapoche ndi Luia, ankadya masuku ndi kumangira nyumba mizati ya tsanya zaka mazanamazana mzungu asanafike. Anthu a m'midzi ndi amene ankawalozera mitengo, kuwauza maina ndi kuwanyamulira mabokosi, ndipo ambiri mwa iwo sanalembedwe paliponse. Chimene a Kirk anachita ndi kufunsa, kulemba mosamala ndi kutumiza nzeruzo kumene zinasungika.

Tsanya amene anamutengera ku London ngati kanthambi kouma ndi yemweyo amene lero akuthera m'matumba a makala ndi pa malole a matabwa. Tsanya amakula pang'onopang'ono, ndipo mzati wabwino umafuna zaka zambiri. Bulugamu amakula msanga ndipo amapereka mapaso ndi mitengo ya zigafa za fodya, koma amamwa madzi ambiri, choncho malo ake si pafupi ndi chitsime, dimba kapena kasupe. Komanso sabala chipatso choti mwana adye m'miyezi ya njala monga amachitira msuku. Maina a Chilatini ali m'mabuku ndipo sadzatayika. Maina a kuno, ntchito za mtengo uliwonse ndi nyengo yake zili m'mitu ya agogo, ndipo zidzakhalapo pokhapokha ngati adzukulu afunsa mitengoyo ikadali chiimire.